Mpeni Udikire Malume

Nkhani iyi anandiuza ndi Hermógenes Brito, amene anayendetsa ambulansi zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi mpaka maso anayamba kumukana. Tinakumana pa mphambano ya Cuatro Vías, tonse tikudikira lole yopita ku Uribia imene inachedwa theka la tsiku. Ine ndinali ndi nyama yambuzi yokazinga papepala, iye anali ndi pakamwa, ndiye tinagawana. Ndayenda m'dziko lino kuyambira ndili ndi mano onse, ndipo ndinaphunzira kuti munthu ukamupatsa nyama iwe n'kukhala chete, amakubwezera ndi zimene sanauzepo mkazi wake. Ndiilemba monga anandiuzira, kupatula malo amene anatukwana.

Pa chipatala china cha ku Riohacha, chimene dzina lake ndilisunga, panali namwino wotchedwa Zunilda Ipuana. Anali Mwayuu, wa mtundu wa eni nthaka a dera limenelo, wa kumidzi ya kumtunda kwa Manaure, wamfupi, wosaseka chisawawa, ndipo anali atagwira ntchito zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri m'chipinda cha odwala mwakayakaya. Kukabwera wodwala wosadziwa Chisipanishi, aliyense ankangokuwa kuti, "Itanani Zunilda!" Motero imfa zambiri za anthu a kwawo zinkadutsa pakamwa pake. Dokotala ankanena, iye n'kumasulira, ndipo misozi ya abale inkagwera pa iyeyo.

Chaka chimenecho n'kuti lamulo latsopano litangoyamba kugwira ntchito. Kale munthu akafa ziwalo zake zili bwino, madokotala ankapempha abale kuti atenge impso kapena chiwindi kukapatsa wodwala wina, ndipo abale akakana nkhani inkathera pomwepo. Lamulo latsopanoli linatembenuza zinthu. Aliyense amene sanakalembetse kukana kwake ali moyo, papepala lodindidwa chidindo cha boma, ankaonedwa ngati anavomera, ndipo abale analibenso mawu.

M'kachipinda komwera khofi nkhani inali yomweyo m'mawa uliwonse.

"Ine ndiye ndikuti lamuloli lachedwa," ankatero Yoleida Mejía, namwino mnzake wa pakamwa posatseka, amene mlamu wake anali pa makina osefa magazi chaka chachinayi. "Nyongolotsi zakhuta mokwanira. Impso zabwinobwino kumazikwirira m'dothi ngati zimera!"

"Nanga bwanji mlonda wa pachipata akuti anakuona kwa odinda zikalata sabata yatha?" anamuputa dala wina.

"Ndinkakadinditsa pepala la nyumba, mfiti iwe! Ine tsiku langa likadzafika atenge zonse, angondisiyirako lilime."

"Lilime limenelo angalilandire ndani? Angafe nalo tsiku lomwelo."

Ena ankaseka, ena ankangoyang'ana m'kapu. Zinkadziwika kuti anamwino awiri atatu anakalembetsa kukana mwakachetechete, poopa kuti akadzagona pabedi lomwelo anzawo adzawaona ngati nkhokwe osati wodwala. Zunilda sanalembetse kukana, komanso sankaikapo mlomo. Akamukakamiza ankangoti, "Lamulo analemba kulikulu ku Bogotá. Ndikufuna ndione amene adzaliwerengere mayi wa ku Manaure."

Tsiku limenelo linafika Lachitatu lina, nyengo ya mphepo ya mchenga. Pabedi lachitatu panagona Dairo Epieyú, bambo wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zinayi, wokumba mchere ku Manaure. Lolemba anagwira mutu ali ndi fosholo m'manja, n'kugwa pamulu wa mchere. Mtsempha unali utaphulika m'mutu. Lachitatu m'mawa madokotala awiri anamuyeza, anadikira, anamuyezanso, ndipo anasaina kuti ubongo wafa. Mtima unkagunda chifukwa makina ankamupumira.

Woyang'anira za ziwalo anali Dokotala Leonel Cifuentes, wa ku Bogotá, munthu wa kumapiri ozizira amene ankatuluka thukuta ngakhale atakhala pansi pa fani. Sanali wankhanza ayi. Anafufuza pa makina ake n'kupeza kuti Dairo sanalembetsepo kukana, anaimbira lamya madokotala ochotsa ziwalo ku Barranquilla, kenako anati ngakhale lamulo silimukakamiza, apita kukadziwitsa abale mwaulemu. Anatuluka m'khonde mmene munadzaza Awayuu, anafunsa kuti bambo ake a wodwalayo ndi ati, ndipo anatengera pambali mkulu wina woonda dzina lake Nemesio Uriana. Analankhula naye Chisipanishi pang'onopang'ono. Mkuluyo ankangoti, "Ee, adokotala. Ee."

Cifuentes anabwerera nkhope ili ngwee.

"Mayi Ipuana, zayenda. Bambo ake avomera."

"Avomera chiyani?"

"Zonse. Ndawafotokozera, agwedeza mutu."

"Akanagwedezanso mukanawapempha chipatala chino, chifukwa nachonso si chawo."

Dokotala anaima, cholembera chili m'mwamba.

"Kwathu mnofu wa munthu ndi wa amayi ake," anatero Zunilda. "Dairo ndi Epieyú chifukwa amayi ake ndi Epieyú. Bambowo ndi a Uriana. Anabereka, inde, ndipo alira koposa onse, koma pa thupi ili alibe mawu. Mwini mbumba ndi mlongo wa mayiyo, malume ake a Dairo. Inu mwapempha mbuzi kwa munthu wongoima pafupi ndi khola."

"Koma sindimapempha, Mayi Ipuana. Ndimangodziwitsa. Lamulo likuti..."

"Ndiye mwadziwitsa munthu wolakwika."

Anatuluka yekha kukafuna mayiyo. Anamupeza atakhala pansi, atatsamira khoma, mkanjo wake wautali utaphimba mapazi, nkhope ikadali ndi utoto wakuda woteteza ku dzuwa umene anadzola tsiku limene mwana wake anagwa. Dzina lake anali Otilia. Zunilda anagwada pafupi naye n'kulankhula m'Chiwayuu.

"Amayi, mwamva zimene adokotala anena?"

"Nemesio akuti akufuna kumutumbula. Iwe mwanangu, undiuze ndiwe. Wafa kapena sanafe? Ndamugwira dzanja m'mawa uno, ndi lofunda."

"Wafa, amayi. Chikufundacho ndi makina ndi mankhwala amene ndikumupatsa ine. Ndikazimitsa, azizira musanamalize kumwa madzi."

Otilia sanalire pomwepo. Anamuyang'ana n'kufunsa, "Ndiwe mwana wa kwa yani?"

"Wa kwa Ipuana, wa kuchitsime cha mchenga wofiira."

"Ndiye ukudziwa. Mlongo wanga Evaristo ndinamutumizira mawu dzulo. Ali kumudzi kwathu, kupitirira Uribia, ndipo akubwera pa lole ya mchere. Ine sindingavomere, sindingakane. Mpeni usamukhudze mwana wanga mpaka malume ake atafika. Nena ndi pakamwa pako."

Zunilda anadziwa kuti akumupempha chinthu chimene sichili m'manja mwake. Anali namwino chabe. Mabedi ankakankha polamulidwa. Koma amayi ena asanu ndi mmodzi anali atakhala mozungulira, onse maso ali pa iye, ndipo anamva pakamwa pake pakunena kuti, "Mpeni sumukhudza mpaka malume ake atafika. Ndanena ine, Zunilda wa kwa Ipuana."

Mawu a Mwayuu salembedwa papepala. Akathyoka amathyoka ndi dzina la mwini wake, ndipo mbiri yake imafika pachitsime chilichonse dzuwa lisanalowe. Akanathyoka awa, palibe mayi wa kumidzi akanadzaikanso wodwala wake m'manja mwa Zunilda.

Atamuuza Cifuentes zimene walonjeza, dokotalayo anavula magalasi n'kupukuta kumaso.

"Mwalonjeza ndi chilolezo cha yani?"

"Cha palibe."

"A ku Barranquilla afika 1 koloko. Chipinda cha opaleshoni chatsegukira ife 2 koloko. Malumewo afika nthawi yanji?"

"Lole ikafika."

"Lole ikafika! Mayi Ipuana, taonani nambala izi. Magazi akuyenda mofooka ola lililonse. Thupi lopanda ubongo silidikira lole. Kumtunda kuja, pa nsanjika yapamwamba ya chipatala chino, kuli anthu makumi atatu ndi mmodzi pa makina osefa magazi, khumi ndi mmodzi mwa iwo ndi a mtundu wanu. Mukuwadziwa kuposa ine. Lamuloli analemba chifukwa abale akafunsidwa mtembo ukadali wofunda amakana, ndipo sindiwada nazo, nanenso ndikanakana. Analemba pofuna kuchotsa katunduyu pamutu pa mayi ngati uja. Inu mwamusenzetsanso."

"Sindikutsutsana nazo zimenezo, adokotala. Impso zanga zomwe sindinazikanize. Koma Dairo uyu kusukulu analekeza chaka chachiwiri. Lamulo lanu sanalimvepo, ndipo ofesi yodinda zikalata sanaiponde chibadwire. Mukuti anavomera chifukwa anakhala chete. Kwathu munthu akakhala chete ndiye kuti sunamufunse bwino."

"Ndiye ndichite chiyani? Ndisiye anthu afe chifukwa cha mwambo?"

"Lero mutenga impso ziwiri popanda kufunsa, palibe akuletseni. Koma mawa kukagwa wina pamchere paja, adzamugoneka pamachila pansi pa mtengo mpaka afe, ati kuchipatala amatumbula anthu. Mudzatenga kwa yani pamenepo? Ine ndipatseni bedi ili ndekha. Mtima uwu ndiusunga mpaka malume afike. Ukaima, mulembe dzina langa."

"Mpaka 2 koloko," anatero Cifuentes, n'kutuluka.

Zunilda anaimbira lamya Hermógenes, amene anali akubwerera wopanda kanthu kuchokera ku Maicao kumene anakatula wodwala. Anamuuza akhotere njira ya Uribia, aimitse lole iliyonse ya mchere, afunse za mkulu wotchedwa Evaristo Epieyú.

"Ndikamupeza ndimuuze chiyani, achemwali? Chiwayuu changa chimathera pa kupempha madzi."

"Mungomutsegulira chitseko. Adziwa."

"Nanga abwana akandifunsa za mafuta?"

"Muwauze munasochera. Pa msinkhu wanuwo akhulupirira."

Kenako anakokera mpando pafupi ndi bedi lachitatu, koma sanaukhalire. Hermógenes akuti amene sanaonepo ntchito imeneyi amaganiza kuti kusamalira wakufa n'kosavuta, pamene kumaposa kusamalira wamoyo, chifukwa thupi lopanda mwini limaiwala zonse. Limaiwala kufunda, ndiye Zunilda analifunditsa bulangeti lotenthetsa. Limaiwala kusunga madzi, mkodzo umangotuluka mbee ngati wa pampope, ndiye ankayeza wotuluka n'kubwezera wofanana nawo m'diripi. Mphamvu ya magazi ikatsika ankakweza mankhwala pang'ono chabe, ikakwera n'kubweza, ngati munthu woyendetsa bulu wotopa pamchenga. Ankamudonthezera mankhwala m'maso kuti asaume. Ndipo ankalankhula naye m'Chiwayuu, motsitsa mawu, ngakhale ankadziwa bwino kuti palibe akumva.

"Pirira, wa kwa Epieyú. Malume ako ali m'njira. Sukuyenda wopanda kutsanzika."

Yoleida anamubweretsera khofi amene anazizira osamwedwa.

"Achemwali, mwapenga kapena? Ntchito ikutherani chifukwa cha nkhalamba ya pa lole."

"Tandipatsa thumba lina la madzi."

"Mlamu wanga akanamva zimene mukuchitazi akanakulavulirani."

"Ndikudziwa. Thumba lija."

A ku Barranquilla anafika 1 koloko itapitirira pang'ono, atanyamula mabokosi awo ozizira. Wamkulu wawo anali Dokotala Griselda Almanza, mayi wa imvi wosataya mawu. Anawerenga mapepala, anayang'ana nambala za pa makina, n'kufunsa kuti akudikira chiyani. Cifuentes anafotokoza maso ali pansi.

2 koloko itakwana, kunalibe uthenga wa Hermógenes. Kumene anali kunalibe netiweki. Cifuentes analowa limodzi ndi mkulu wa anamwino.

"Nthawi yakwana, Mayi Ipuana."

"Sanafike."

"Ndinakuuzani."

"Munandiuza. Koma bedi ili sindikankha ine."

Mkulu wa anamwino anamuyang'ana mwaukali. "Zunilda, ukudziwa tanthauzo la kukana lamulo la dokotala pamaso pa alendo. Kalata ya chilango uipeza mawa." Anatembenuka. "Yoleida, tenga bedi."

Yoleida anagwira chitsulo cha bedi, anatsegula chitseko ndi phazi, n'kuima. Kunja kwa chitseko amayi asanu ndi awiri aja anali atasuntha pakhoma paja n'kudzakhala pansi mopingasa njira, mikanjo yawo itakhudzana. Sanakuwe, sanalire, sanayang'ane munthu. Otilia anali pakati. Kuti bedi lidutse, panafunika kuwanyamula mmodzimmodzi.

Yoleida anayang'ana amayiwo, anayang'ana Zunilda, kenako anagwira m'chiuno.

"Mayo ine, msana! Wandigwira uja wa chaka chatha. Amayi akulu, sindingathe, ndingagwetse wodwala."

"Msana wako umadziwa nthawi," anatero mkulu wa anamwino.

"Ndi wobadwa nawo, amayi."

Podutsa pafupi ndi Zunilda, Yoleida ananong'ona, "Lamuloli ndikulifunabe, mumve. Koma ine sindiponda mayi wa munthu."

Mkulu uja anaitana anamwino ena awiri. Wina anapezeka kuti ali ndi wodwala wosasiyika, wina sanapezeke n'komwe. Cifuentes akanatha kuitana alonda, ndipo Zunilda anaona dzanja lake likupita ku lamya ya pakhoma. Linafika, linakhala pamenepo, linabwerera m'thumba.

Dokotala Almanza ndi amene anadula nkhani. "Ndege yanga inyamuka madzulo, ndipo sidikira malume a munthu. 4 koloko ndikhale nditayamba, apo ayi ndinyamula mabokosi anga opanda kanthu. Inu mayi, mtima umenewo mungausunge?"

"Ndiyesa."

"Sindinafunse zoyesa."

"Ndiusunga."

Maola awiri amenewo Zunilda sanawaiwale. Kawiri konse mphamvu ya magazi inagwa mpaka makina analira, ndipo kachiwiriko anakweza mankhwala kufika pamene sanafune kufika, podziwa kuti mankhwala omwewo amafinya mitsempha ndi kumana ziwalo magazi. Anaganiza za anthu a kumtunda kuja, amene ena ankawadziwa ndi mayina a ana awo omwe. Mtima uwu ukaima tsopano, mawu ake akhala atasungika, koma adzakwera bwanji masitepe opita kwa iwo mawa?

Itatsala pang'ono kukwana 4 koloko, ambulansi inalowa pachipata ili mbuu ndi fumbi. Hermógenes anali atapeza lole itafa tayala kupitirira Uribia, mkuluyo atakhala pathumba la mchere akudikira ngati kuti dziko lonse ndi lake. Evaristo Epieyú anatsika pang'onopang'ono, wamtali, chipewa cha mlaza kumutu, ndodo m'manja, nkhwaira kumapazi. Cifuentes anathamangira kwa iye ndi mapepala, koma Zunilda, amene anasiyira Yoleida bedi, anagwira dokotalayo mkono.

"Musamulankhule ali chilili. Aone kaye mwana, aonane ndi mlongo wake. Kenako akhala pansi, mumupatse khofi ndi dzanja lanu, ndipo musayambe ndinu."

"Kwatsala mphindi makumi awiri!"

"Mukamufulumizitsa akana asanamve."

Evaristo analowa, anavula chipewa, anaika dzanja pachifuwa cha Dairo n'kumva chikukwera ndi kutsika. Anatuluka, anagwada pafupi ndi Otilia, analankhulana motsitsa. Anapereka moni kwa Nemesio monga mlamu. Kenako anapita pabwalo, pansi pa mtengo wa mthunzi, n'kukhala pabenchi. Cifuentes anabweretsa khofi m'kapu ya pulasitiki, nakhala pafupi. Dokotala Almanza anaima pakhomo akuyang'ana wotchi. Mkuluyo anamwa khofi yense.

"Mwabwera ndi mawu anji?" anafunsa, Zunilda akumasulira.

Cifuentes anafotokoza: ubongo wafa, impso ziwiri ndi chiwindi zingapulumutse anthu atatu, nthawi yatha.

"Anthu atatuwo ndi a kwa yani?"

"Sindikudziwa. Amasankha ndi makina, potengera magazi ndi amene wadwalitsa. Angakhale Mwayuu, angakhale wa ku Medellín."

"Ndikakana?"

Zunilda anamasulira funsolo n'kuyang'ana dokotala. Anaopa kuti anama pofuna kusangalatsa, ndipo mkuluyo akanaona bodzalo pamaso pake lisanamasuliridwe.

"Mukakana, lamulo likundilolabe kutenga," anatero Cifuentes.

"Ndiye munadikiriranji?"

"Mayi awa analonjeza mlongo wanu. Ndipo ndapeza kuti m'chipatala chino mulibe munthu wokankha bedi."

"Nanga inu mulibe manja?"

Cifuentes anayang'ana manja ake. "Ndili nawo," anatero.

Evaristo anajambula pansi ndi ndodo. Kenako anatembenukira kwa Zunilda n'kulankhula naye mwachindunji, ngati kuti dokotala palibe.

"Wa kwa Ipuana, mafupa amatengako?"

"Satenga, malume, mukakaniza."

"Ngakhale kamodzi? Chifukwa zaka zikadzakwana, mlongo wa Dairo adzamufukula monga mwa mwambo wathu kuti atsuke mafupa n'kukawaika kwa makolo ake. Adzawerenga. Likadzasowa limodzi, ndidzamuyankha chiyani?"

"Onse adzawapeza. Fupa la pachifuwa silithyoledwa ngati satenga mtima. Ndikhala ndili pomwepo."

"Mnofu umatha ndi dothi chaka chisanathe, zimenezo ndaziona ndi maso anga pofukula amayi anga." Analoza dokotala ndi ndodo. "Umuuze chonchi. Mtima asiye, maso asiye, fupa asakhudze. Impso ndi chiwindi atenge. Sakutenga chifukwa cha pepala lake. Ndikumupatsa ine, Evaristo, mwini mbumba ya Otilia, ndipo alembe choncho. Iweyo ukhala pambali pa Dairo mpaka atseke bala, umusambitsa pamodzi ndi amayi ake, ndipo mawa upita nafe kumudzi. Ukaima pamaso pa amayi onse a kwa Epieyú n'kunena ndi pakamwa pako chimene chachotsedwa ndi chimene chatsala."

"Ndamva, malume."

Cifuentes atamva zonse anati papepala lake palibe malo olembapo malume.

"Kuseri kulibe malo?" anafunsa mkuluyo.

Dokotala anatembenuza pepala n'kulemba kuseri.

Otilia ndi amene anayamba kuimirira pakhomo paja, enawo n'kutsatira. Bedi anakankha Zunilda ndi Yoleida, amene msana wake unali utachira. Dokotala Almanza anayamba 4 koloko itapitirira ndi mphindi khumi, osanena kanthu za nthawi. Zunilda anaima kumutu kwa bedi mpaka ulusi womaliza.

Impso zinali bwino. Chiwindi ayi. Almanza anachiyang'ana, anachigwira, anapukusa mutu n'kuchisiya m'malo mwake. Anati chavulala ndi kusowa magazi, ndipo sangachiike mwa munthu. Cifuentes anapeza Zunilda akusamba m'manja.

"2 koloko chikanatheka mwina," anatero. Sanali kukalipa. "Kunali munthu amene anamuimbira kale lamya kuti akonzeke. Dzina lake sindikulidziwa."

"Mwina, kapena ndithu?"

"Mwina. Palibe angadziwe."

Zunilda anapitiriza kusamba m'manja ngakhale anali atayera kale. "Mukadzalidziwa dzinalo mudzandiuze," anatero.

"Salola kunena."

"Ndiye ndizimutchula wopanda dzina."

Kalata ya mkulu wa anamwino inabwera mawa lake monga analonjezera, koma sinamupeze. N'kuti ali pa lole ndi bokosi la maliro, pakati pa amayi a kwa Epieyú, akupita kupitirira Uribia. Kumeneko anaima padzuwa pamaso pa mbumba yonse, amayi ataphimba nkhope ndi nsalu, n'kunena kuti zachotsedwa impso ziwiri, kuti mtima ulipo, maso alipo, chiwindi chilipo, mafupa onse alipo, ndiponso kuti mpeni sunakhudze Dairo mpaka malume ake atalankhula. Palibe anamuthokoza. Mayi wina wokalamba anamupatsa mbale ya nyama n'kumuonetsa pokhala, pakati pa eni maliro osati pa alendo.

Apa ndi pamene Hermógenes analekezera, chifukwa lole yathu inafika.

Tsopano ndinene zanga. Za amayi kukhala pakhomo ndikukhulupirira, ndinawaonapo akutseka njanji yathunthu mwa njira yomweyo. Za dokotala kubweza dzanja pa lamya ndingalole. Koma zoti Evaristo anavomera, ndikukayika. Ndagona m'midzi imeneyo zaka zambiri, ndipo sindinaonepo mwini mbumba akupereka ngakhale tsitsi la mwana wa mlongo wake kwa anthu osawadziwa. Tili pa lole, Hermógenes anakweza malaya pofuna kukanda, ndipo ndinaona chipsera chachitali m'munsi mwa mimba yake. Nditafunsa anati ndi impso ya munthu wina, anamuika zaka zitatu zapitazo. Munthu wotero amafuna kuti malume aliyense avomere. Sindikuti ananama. Ndikuti iye anali pachipata akupukuta fumbi pagalimoto pamene mkuluyo ankalankhula pansi pa mtengo, ndipo Chiwayuu chake, monga ananenera yekha, n'chochepa.